Dzenje lakuda la pakati ndilo limaika malire a kukula kwa mlalang'amba

Chiyambireni telesikopu ya James Webb kutumiza zithunzi zake mu 2022, mkangano umene kale unkathera m'misonkhano ya akatswiri a zakuthambo wafika m'manyuzipepala ndi pa intaneti. Telesikopuyi yaona maenje akuda, aja amatchedwa black hole chifukwa amakoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikutulukamo, olemera modabwitsa m'milalang'amba yaing'ono ya kuchiyambi kwa chilengedwe, ndipo anthu agawanika pawiri. Ena akuti uwu ndi umboni woti dzenje lakuda ndi chilombo chimene chimayamba kubadwa n'kumameza chilichonse chili pafupi. Ena akuti zimene zaonekazi zagwetsa chiphunzitso choti dzenje ndi mlalang'amba wake zimakula mogwirizana, kotero dzenjelo ndi mlendo chabe wopanda mawu pa zochitika za m'nyumba. Ine maganizo anga ndi awa: m'milalang'amba ikuluikulu, dzenje lakuda la pakati ndilo limaika malire a kukula kwa mlalang'amba wonse. Limachita zimenezi potenthetsa ndi kukankha mpweya umene ukanazizira n'kusanduka nyenyezi, ndipo limazichita pang'onopang'ono, mobwerezabwereza, kwa zaka mabiliyoni. Otsutsa ali ndi mfundo zolemera, zina mwa izo ndikuzivomereza, koma sindinaone imene ikugwetsa mutu wa nkhaniyi.

Tiyambe tamvana kaye za chinthu chimene tikukambirana. Dzenje lakuda palokha siliwala. Koma mpweya ukamagwera kumeneko suloweratu nthawi imodzi, umayamba wazungulira ngati madzi a m'sinki, n'kumakhudzana, n'kutentha mpaka kuwala koopsa. Phata la mlalang'amba likayaka motere, akatswiri amalitcha active galactic nucleus, mwachidule AGN, ndipo ine ndizilitcha phata loyaka. Carl Seyfert anafotokoza milalang'amba ya maphata owala chotere mu 1943. Mu 1963 Maarten Schmidt anazindikira kuti kadontho kooneka ngati nyenyezi kotchedwa 3C 273 kali pa mtunda umene kuwala kumauyenda zaka zoposa 2 biliyoni, kutanthauza kuti kamawala kuposa milalang'amba yathunthu yambiri itaphatikizidwa. Zinthu zamtunduwu ndi zimene timazitcha ma quasar. Mu 1969 Donald Lynden-Bell ananena kuti ma quasar akazima sasowa, amatsala ngati maenje akuda ogona pakati pa milalang'amba wamba. Nthawi yasonyeza kuti ankanena zoona. Mlalang'amba wathu uli ndi lake, Sagittarius A*, lolemera ngati madzuwa 4 miliyoni, ndipo Reinhard Genzel ndi Andrea Ghez analandira mphoto ya Nobel mu 2020 chifukwa chotsatira nyenyezi zolizungulira. La mumlalang'amba wa M87, limene chithunzi chake chinatuluka mu 2019, ndi lolemera ngati madzuwa 6.5 biliyoni.

Mfundo ya omwe amati dzenje limameza mlalang'amba wake ndiyo yosavuta kuyankha, choncho sindichedwapo. Dzina lakuti dzenje limatipusitsa, timaganiza za chinthu choyamwa. Zoona zake n'zakuti mphamvu yake yokoka imagwira ntchito ngati ya chinthu china chilichonse cholemera mofanana nalo. Dzuwa litasanduka dzenje lakuda la kulemera komweko, dziko lapansi likhoza kuzizira ndi kuda, koma lingapitirize kuyenda m'njira yake yomweyo. Nyenyezi yotchedwa S2 imazungulira Sagittarius A* pa zaka 16 zilizonse ndipo sinagweremo. Komanso dzenje lathuli silifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10,000 a kulemera kwa nyenyezi za mlalang'amba wathu. Kukoka kwake kumalamula malo a zaka zochepa chabe za kuwala, pamene mlalang'amba ndi wotambalala zaka pafupifupi 100,000 za kuwala. Chinthu chotere sichingameze mlalang'amba, ndipo sindicho chimaugwira kuti usamwazike.

Komatu kuchepa komweku ndi kumene kumachititsa kuti zimene zinapezeka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 zikhale zodabwitsa. Mu 1998 John Magorrian ndi anzake anasonyeza kuti kulemera kwa dzenje kumayendera limodzi ndi kulemera kwa mulu wa nyenyezi wofufuma umene umakhala pakati pa mlalang'amba. Mu 2000 magulu awiri, lina la Laura Ferrarese ndi David Merritt, lina lotsogoleredwa ndi Karl Gebhardt, anapeza mgwirizano wothina kwambiri pakati pa kulemera kwa dzenje ndi liwiro la nyenyezi za m'muluwo. Nyenyezi zimenezi zili kutali kwambiri moti kukoka kwa dzenje sizikumva n'komwe. Nanga zikudziwana bwanji? Yankho limene ndimaligwiritsa lili mu mphamvu. Chinthu chikagwera m'dzenje lakuda, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake limasanduka kuwala ndi kutentha, pamene moto wa m'kati mwa nyenyezi umatulutsa gawo losakwana limodzi mwa 100. Mukawerengetsa mphamvu yonse imene dzenje lalikulu latulutsa pokula, imaposa kambirimbiri mphamvu yofunika kuti mpweya wonse wa m'muluwo uthamangitsidwe. Ndiye kuti ngakhale kachigawo kochepa kokha ka mphamvuyo katagwira mpweya, mlalang'amba uyenera kumva. Joseph Silk ndi Martin Rees analemba ganizo limeneli mu 1998 momwemo: dzenje limakula mpaka mphepo yake itayamba kukankha mpweya umene limadalira, ndipo pamenepo kukula kwake ndi kwa nyenyezi zozungulira kumaima.

Zowerengetsera papepala pazokha sizikanandikhutiritsa. Chimene chinandikopa ndi zimene zimaoneka m'magulu akuluakulu a milalang'amba, makamaka gulu la Perseus, limene lili pa mtunda wa zaka pafupifupi 240 miliyoni za kuwala. Pakati pa milalang'amba ya m'gulu lotere pamakhala mpweya wotentha madigiri mamiliyoni makumi angapo, umene umawala mu X-ray. Chinthu chowala chimataya kutentha, ndipo pakatikati pa gululo mpweya ndi wothithikana moti uyenera kuzizira pasanathe zaka 1 biliyoni, nthawi yochepa poyerekeza ndi zaka za gululo. Choncho kwa zaka zambiri akatswiri ankayembekezera kupeza mtsinje wa mpweya wozizira ukutsikira mumlalang'amba wapakati n'kumabala nyenyezi mazanamazana chaka chilichonse. Telesikopu ya XMM-Newton itayang'ana bwino chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mpweya wozizirawo unapezeka wochepa kwambiri kuposa umene unkayembekezeka. Panali china chake chimene chinkabwezera kutentha. Telesikopu ya Chandra, yomwe inakwera mu 1999, inaonetsa chinthucho poyera. Kuchokera m'phata la NGC 1275, mlalang'amba wapakati pa Perseus, mumatuluka mikondo iwiri yopyapyala ya tinthu tothamanga pafupifupi ngati kuwala, ndipo mikondoyi yafufumitsa mphako zikuluzikulu mu mpweya wotenthawo. Kunja kwa mphako zatsopano kuli mphako zakale zimene zikukwera ngati thovu m'madzi, ndipo mu 2003 gulu la Andrew Fabian linaonetsa mafunde ozungulira amene akufalikira mu mpweyawo, funde limodzi pa zaka pafupifupi 10 miliyoni zilizonse. M'gulu lina lotchedwa MS 0735.6+7421 muli mphako ziwiri, iliyonse yotambalala zaka pafupifupi 600,000 za kuwala, ndiye kuti mlalang'amba wathu ungalowemo kangapo. Apa sitikuyerekeza, tikuyeza. Kukula kwa mphako ndi kupanikiza kwa mpweya wozungulira zimatiuza mphamvu imene inagwiritsidwa ntchito, ndipo m'magulu ambiri mphamvuyo imafanana ndi kutentha kumene mpweya ukutaya. Kufanana kumeneku sikungachitike mwangozi m'gulu ndi gulu. Kumachitika chifukwa mbali ziwirizi n'zolumikizana, monga mmene ayironi yamagetsi imadzizimitsira ikatentha n'kudziyatsanso ikazizira: mpweya ukazizira umagwa n'kudyetsa dzenje, dzenje limaponya mikondo, mikondo imatenthetsa mpweya, kugwa kumachepa, dzenje limafooka, kenako zimayambiranso.

Tsopano tibwere kwa otsutsa amene mfundo zawo n'zolimba. Oyamba amati mgwirizano wa kulemera uja sufuna kuti dzenje lichite kalikonse. Chien Peng mu 2007, kenako Knud Jahnke ndi Andrea Macciò mu 2011, anasonyeza kuti kuphatikizana kwa milalang'amba pakokha kungaubweretse. Taganizirani ndowa zambiri, iliyonse ili ndi mchenga ndi timiyala, ina timiyala tambiri, ina tochepa. Mukamathira ndowa ziwiriziwiri pamodzi, kenako n'kuphatikizanso zotulukazo, pomaliza milu yonse ikuluikulu idzakhala ndi muyeso wofanana wa timiyala ndi mchenga, popanda timiyalato kulamula mchenga. Milalang'amba ikuluikulu inapangidwa motero, ndipo maenje ake nawonso amaphatikizana. Mfundoyi ndi yoona, ndipo ndikuvomereza kuti mgwirizano wa kulemera pawokha si umboni wokwanira. Amene amautchula ngati kuti watseka nkhani amapupuluma. Koma kuphatikiza ndowa kumangofotokoza chifukwa chake milu imafanana. Sikufotokoza chifukwa chake muyesowo uli pamene uli, ndipo sikunena kalikonse za mphako za ku Perseus kapena za mpweya umene ukanazizira koma sukuzizira. Palinso china. Andrzej Sołtan anaonetsa mu 1982 njira yowerengera kuwala konse kwa ma quasar m'mbiri ya chilengedwe n'kupeza kulemera kumene maenje anayenera kusonkhanitsa, ndipo zotsatira za njirayi zimagwirizana bwino ndi kulemera kwa maenje amene tikuwaona lero. Kutanthauza kuti gawo lalikulu la kulemerako linabwera mwa kumeza mpweya kowala, ndipo mphamvu yonse ija inatulukadi n'kudutsa m'milalang'amba.

Otsutsa achiwiri ndiwo amandivuta kwambiri, chifukwa amabwera ndi zimene maso aona. Iwo amati ngati phata loyaka limaletsa nyenyezi kubadwa, ndiye kuti milalang'amba ya maphata oyaka iyenera kukhala ndi nyenyezi zatsopano zochepa. Koma kafukufuku wambiri wapeza kuti milalang'amba yotereyi imabala nyenyezi bwinobwino ngati inzake, nthawi zina kuposa. Ndiponso nyengo imene ma quasar anachuluka kwambiri, zaka pafupifupi 10 biliyoni zapitazo, ndi yomweyonso imene nyenyezi zinkabadwa kwambiri. Iwo amafunsa kuti wakuphayo ali kuti, popeza wodwalayo akuoneka wathanzi? Yankho langa lili pa nthawi. Choyamba, phata ndi nyenyezi zimadya mpweya wozizira womwewo, choncho n'zomveka kuti pamene pali mpweya wambiri zonse ziwiri zimayaka limodzi. Chachiwiri, phata limayaka ndi kuzima mofulumira kwambiri kuposa mmene mlalang'amba umasinthira. Umboni wake wokongola unapezeka mu 2007, pamene mphunzitsi wina wa ku Netherlands, Hanny van Arkel, ankathandiza kusanja zithunzi mu ntchito ya Galaxy Zoo n'kuona mtambo wachilendo wowala pafupi ndi mlalang'amba wa IC 2497. Mtambowo ukuwalitsidwa ndi kuwala kwa quasar, koma mukayang'ana phata la mlalang'ambawo quasar yamphamvu choteroyo palibe. Inafooka m'zaka zosapitirira 100,000 kapena kuyandikira pamenepo, ndipo chimene tikuona pamtambopo ndi kuwala kwake kwakale kumene kukadali paulendo. Pamene kuti mlalang'amba usiye kubala nyenyezi pamafunika zaka mamiliyoni mazana kapena kuposa. Ndiye kufunsa ngati phata likuyaka lero kuli ngati kufuna kudziwa ngati fodya amawononga mapapo pojambula anthu chithunzi chimodzi n'kuona amene ali ndi ndudu pakamwa pa mphindi imeneyo. Mudzapeza achinyamata athanzi akusuta, ndi odwala ambiri opanda ndudu m'manja, n'kuganiza kuti fodya alibe mlandu. Funso loyenera ndi lakuti munthuyo wasuta wochuluka bwanji moyo wake wonse. Kwa mlalang'amba, chiwerengero chimenecho chilipo, ndicho kulemera kwa dzenje, popeza kulemerako ndi kaundula wa mpweya wonse umene linameza ndi mphamvu yonse imene linatulutsa. Bryan Terrazas ndi anzake atayang'ana mu 2016 milalang'amba imene maenje ake anayezedwa mwachindunji, anapeza kuti pa milalang'amba yolemera mofanana, imene inasiya kubala nyenyezi ndiyo ili ndi maenje olemera kwambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pankhani iyi kudekhako ndi kuwerenga mbiri yonse m'malo mwa chithunzi cha tsiku limodzi.

Achitatu amakayikira zoyerekezera za pa kompyuta. Amati akatswiri atalephera kuletsa milalang'amba ya m'makompyuta awo kukula mopitirira, anangoikamo mphamvu ya dzenje n'kuisintha mpaka zotsatira zitafanana ndi kumwamba. Muli choonadi m'mawu amenewa. Ntchito za Tiziana Di Matteo, Volker Springel ndi Lars Hernquist mu 2005, ndi za Darren Croton komanso Richard Bower mu 2006, sizikanatha kuona kadera kakang'ono kozungulira dzenje, choncho zinaika lamulo lapafupi m'malo mwake, ndipo mpaka lero magulu osiyana amaika malamulo osiyana. N'chifukwa chake ine sindiika kompyuta patsogolo pa umboni wanga. Komabe vuto limene ankalithetsa ndi lenileni. Kuphulika kwa nyenyezi kumatha kuthamangitsa mpweya m'milalang'amba yaing'ono, koma m'ikuluikulu kukoka n'kwamphamvu moti mpweyawo umabwerera. Popanda gwero lina la kutentha, milalang'amba ikuluikulu ikanakhala yolemera kwambiri kuposa mmene ilili, yodzaza ndi nyenyezi zazing'ono msinkhu zowala mwa mtundu wa buluu. Zimene timaona ndi milalang'amba yofiirira, ya nyenyezi zokalamba. Wokana dzenje ali ndi ngongole yotiuza gwero lina la mphamvu yochuluka chotero, lopezeka pamalo oyenera, lodziyatsa ndi kudzizimitsa pa nthawi yoyenera.

Pali malire amene ndiyenera kuwanena, chifukwa ena a mbali yanga amawadumpha. Mlalang'amba wa M33, woyandikana nafe, ulibe dzenje lalikulu pakati pake, koma uli bwinobwino. John Kormendy ndi Luis Ho anasonyeza mu 2013 kuti mgwirizano wa kulemera umagwira bwino pa milalang'amba yobulungira ndi milu yapakati yopangidwa ndi kuphatikizana, koma sugwira pa mbale yafulati ya nyenyezi. Nthawi zinanso mkondo wa phata umapanikiza mtambo n'kuyambitsa nyenyezi m'malo moziletsa, monga zilili pa Minkowski's Object, kamlalang'amba kakang'ono ka pafupi ndi mlalang'amba wa NGC 541. N'chifukwa chake ndinati milalang'amba ikuluikulu. Kwa yaing'ono ndi yapakatikati, dzenje ndi limodzi mwa zinthu zambiri, ndipo kawirikawiri si lalikulu.

Nanga James Webb, amene wadzutsa mkanganowu? Zimene waona n'zenizeni. Mu 2023, mothandizana ndi Chandra, kunalengezedwa za mlalang'amba wa UHZ1, umene tikuuona mmene unalili patangopita zaka pafupifupi 470 miliyoni chilengedwe chiyambire, ndipo olengezawo anati dzenje lake likuoneka lolemera pafupifupi ngati nyenyezi zake zonse. Ngakhale telesikopuyi isanakwere, mu 2021 kunali kutadziwika kale quasar ya J0313-1806 yokhala ndi dzenje la madzuwa 1.6 biliyoni pa zaka 670 miliyoni zokha. Koma tisamale pa ziwiri. Choyamba, pa mtunda wotero timayamba kuona zowala kwambiri, monga mmene usiku munthu ali patali amaonera nyale zamphamvu zokha n'kuphonya zofooka, choncho maenje onenepa kwambiri ndiwo amalowa m'kaundula msanga. Chachiwiri, zimenezi zikuyankha funso la mmene maenje anabadwira, kaya kuchokera ku nyenyezi zoyamba kapena ku mitambo ikuluikulu imene inagwa nthawi imodzi. Funso la zimene dzenje limachita likakula ndi lina. Ndipo pa funso lachiwirili telesikopu yomweyi yapereka umboni wokomera mbali yanga. Mlalang'amba wa GS-9209, umene Adam Carnall ndi anzake anaufotokoza mu 2023, unali utasiya kale kubala nyenyezi pamene chilengedwe chinali ndi zaka 1.25 biliyoni zokha, nthawi imene mpweya unali ponseponse, ndipo pakati pake pali dzenje lolemera ngati madzuwa pafupifupi 500 miliyoni, loposa limene kukula kwa mlalang'ambawo kukanatiuza. Mlalang'amba wofa msanga chotero, wokhala ndi dzenje lalikulu chotero, ndi chimene munthu angayembekezere ngati dzenje ndilo limatseka mpopi.

Chitsanzo chimene ndimachiganizira kwambiri ndi gulu la Phoenix, chifukwa poyamba chimaoneka ngati chikunditsutsa. Michael McDonald ndi anzake analengeza mu 2012 kuti mlalang'amba wapakati pa gululi ukubala nyenyezi zolemera ngati madzuwa mazana angapo chaka chilichonse, pamene mlalang'amba wathu umabala zolemera ngati dzuwa limodzi kapena awiri. Phata lake likuyaka mwamphamvu, mphako ziliponso, koma mpweya ukuzizirabe n'kutsika. Wotsutsa anganene kuti apa dzenje lalephera, ndipo akunena zoona. Koma taonani chimene kulepherako kwatulutsa: ndi mtsinje uja wa mpweya wozizira ndi nyenyezi mazanamazana umene akatswiri ankaufunafuna m'magulu ena n'kuusowa. Fizikisi ya kuzizira inali yolondola kuyambira kale, ndipo pamene kutenthetsa kwatsalira m'mbuyo, mlalang'amba umakula mmene zowerengetsera zinanenera. Magulu ambiri ayang'anidwa mu X-ray kuyambira pamene Chandra ndi XMM-Newton zinakwera mu 1999, ndipo ochita ngati Phoenix ndi osowa kwambiri. M'magulu ena ambiri amene mpweya wapakati uyenera kuzizira msanga, timapeza mikondo, mphako, ndi mlalang'amba wapakati wa nyenyezi zokalamba umene ukubala kachigawo kochepa chabe ka nyenyezi zimene mpweya wake ukanatha kupereka.